Magemu ang'onoang'ono a indie: mmene mungadziwire ngati akuyenera ndalama ndi nthawi yanu

Gemu yatsopano ya mpira ya EA Sports FC imatuluka pa mtengo wa madola 69.99. Tiyerekeze kuti dola ili pa K25 ya Zambia, poti mtengo wake sukhazikika ndipo inu mudzaikapo wa tsikulo: imeneyo ndi pafupifupi K1,750, tisanawerengere bandulo yoikopera. Kuno ku Chipata ndalama yotere ndi ya lendi kapena ya feteleza, ndipo malaputopu amene ambirife tili nawo sangaunyamule n'komwe katundu wolemera chonchi. N'chifukwa chake anyamata amakathera m'tizipinda ta PlayStation, kulipira mechi imodziimodzi, wogonja n'kupereka padi kwa mnzake.

Koma kulinso magemu a indie, opangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu ka anthu ochepa, popanda kampani yaikulu yowathira ndalama. Otchuka mwa iwo amagulitsidwa pakati pa madola 5 ndi 20, ndipo ambiri amayenda pa foni wamba ngakhalenso pa laputopu yotopa. Kodi ndi oyenera kuwatayira ndalama ndi nthawi? Ine ndimati inde, ndipo kwa munthu wa kuno ndi amene amabweza ndalama yake bwino kuposa magemu ena onse. Chovuta n'choti abwinowo ndi ochepa. Kuyambira 2017 aliyense wolipira madola 100 akhoza kuika gemu yake pa Steam, sitolo yaikulu ya magemu a pakompyuta, moti chaka chilichonse pamatuluka magemu oposa 10,000. Zili ngati belo la salaula lotsegulidwa kumene pa Saturday Market: jekete labwino lilimo ndithu, koma wongotola zapamwamba amapita kwawo ndi sanza. Ntchito yonse yagona pa kasankhidwe.

Yambani ndi chipangizo chimene muli nacho

Musanasirire gemu iliyonse, dziwani kaye mphamvu ya foni kapena laputopu yanu. Pa foni ya Android lowani mu Settings, tsikani mpaka pa About phone, muone RAM (memori imene foni imayendetsera gemu ikatsegulidwa), kenako muone malo otsala mu Storage. Ma Tecno, itel ndi Infinix amene adzaza m'matumba mwathu, ambiri otsika mtengo amakhala ndi RAM ya 2GB mpaka 4GB. Pabokosi pakalembedwa 4+4GB musanyengeke. Nambala yachiwiriyo ndi malo obwereka ku storage, ndipo gemu ikalemera sathandiza kwenikweni. Inu werengerani yoyambayo basi.

Pa laputopu dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, kenako Enter. Tsamba loyamba lionetsa processor ndi RAM, tsamba la Display lionetsa graphics. Mukaona Intel HD kapena Intel UHD yokha, popanda dzina la khadi lina pa masamba enawo, ndiye kuti laputopuyo ilibe khadi la graphics lapadera. Magemu olemera a 3D aiwaleni, koma a 2D ambiri ayenda popanda kudodoma. Jambulani masamba awiriwo ndi foni, kuti muzifananiza ndi System Requirements zimene zimakhala m'munsi mwa tsamba la gemu iliyonse pa Steam.

Amene akadali pa Windows 7 kapena 8 adziwe kuti Steam inasiya kusamalira mawindo amenewa mu Januwale 2024. Ma HP ndi ma Dell akale otere njira yawo ndi GOG kapena itch.io, masitolo ena a magemu a pa intaneti, komwe umakopera gemu ngati fayilo n'kuiika wekha, koma uwerengebe ngati gemuyo imalola Windows yakaleyo.

Werengerani mtengo wonse: dola, bandulo ndi malaiti

Mnzathu wa ku London akamakamba za mtengo wa gemu amatanthauza nambala ya pa sitolo yokha, chifukwa intaneti kwawo amalipira pamwezi ndipo magetsi sazima. Ife kuno timalipira katatu.

Pa dola paja chitani masamu awa. Stardew Valley pa foni ndi madola 4.99, pa dola yathu yoyerekeza ija ndi K125. Mukaisewera maola 50, ndipo gemu iyi imatha kudya oposa pamenepo, ola lililonse lakutengerani K2.50. Fananizani ndi zimene mumapereka pa mechi imodzi ya mphindi zochepa m'kachipinda ka PlayStation. Pofuna kudziwa kutalika kwa gemu musanaigule, lembani dzina lake pa HowLongToBeat, pomwe osewera amalemba maola amene inawatengera kuti aimalize. Komabe masamu awa asakulamulireni. A Short Hike, ya Adam Robinson-Yu, ya mu 2019, imatha pa maola awiri kapena atatu, koma ndi maola okoma kuposa maola 40 a gemu yongokubwerezetsa chinthu chimodzi. Nkhani ndi yakuti mudziwiretu chimene mukugula, musadzadandaule kuti yatha msanga.

Pa bandulo ndi pamene magemu ang'onoang'ono amapambanira kutali. Pa kompyuta, Stardew Valley imapempha malo a 500MB, Terraria 200MB, Undertale 200MB, Papers, Please 100MB. Zonse zinayi pamodzi zimangokwana 1GB, pamene magemu ena akuluakulu amapitirira 100GB imodzi yokha. Koma si indie iliyonse yopepuka: Hollow Knight imafuna 9GB. Choncho muziona kukula kwake nthawi zonse. Pa Google Play kumalembedwa pansi pa About this game, pa Steam pa mzere wa Storage. Zolemerapo zisungireni bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kwinakwake.

Bandulo yambiri siithera pokopera, imathera mwakachetechete pa ma update. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, laputopuyo imaona ngati yapeza Wi-Fi yaulere, ndiye Windows iyamba kudzikonza, Steam nayo iyamba kukonza magemu onse, inu n'kungolandira meseji yoti bandulo yatha musanasewere n'komwe. Tsekani mipata itatu. Mu Windows pitani pa Wi-Fi, sankhani hotspot yanuyo, yatsani Metered connection. Mu Steam dinani gemu ndi batani lakumanja, Properties, Updates, musankhe kuti izikonzedwa pokhapokha mukaitsegula. Pa Google Play pitani ku Settings, Network preferences, muzimitse Auto-update apps.

Chachitatu ndi malaiti. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, pamene magetsi ankasowa pafupifupi tsiku lonse. Gemu yolemera ya 3D imatenthetsa foni ndi kumwa batire mofulumira, ndipo laputopu yakale ikangochoka pa chaja siichedwa kufa. Gemu ya tizithunzi tating'ono ta 2D imapirira nthawi yaitali. Funsaninso ngati imafuna netiweki. Kuyesa kwake n'kosavuta: mukaikopera, yatsani Airplane mode, itseguleni. Ikatseguka n'kusewereka, mwapeza mnzanu wa pa basi ya ku Lusaka, ulendo wopitirira makilomita 500 pa Great East Road, umene m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa netiweki imabwera n'kuthawa. Steam nayo ili ndi Offline Mode, koma gemu muitsegule kamodzi muli pa intaneti musanapite kumudzi.

Musalipire kanthu musanayese zaulere zenizeni

Ndati zenizeni chifukwa zaulere zili mitundu iwiri. Pali magemu okopera ulere amene cholinga chawo n'kukutsekereza pakatikati kuti ugule madayamondi, kapena kukuonetsa vidiyo ya malonda mphindi zingapo zilizonse, vidiyo imene ikudya bandulo yako yomwe. Ena amagulitsa mabokosi amwayi: walipira, koma sukudziwa chimene chituluke. Kumeneko n'kubetcha kovala malaya ena, ndipo munthu amatha kuthirako K20 lero, K30 mawa, pakutha pa mwezi yapitirira mtengo wa gemu yabwino yogula kamodzi. Pa Google Play onani pansi pa dzina la gemu ngati palembedwa Contains ads kapena In-app purchases. Mu About this game amalembanso mitengo ya zinthu zogulitsidwa m'katimo, kuyambira chotsika mpaka chokwera. Mukaona chinthu chimodzi chikufika madola 99, mwadziwa kale amene gemuyo anaipangira.

Ndiye pali zaulere zopangidwa ndi mtima wabwino. Shattered Pixel Dungeon, ya Evan Debenham, yakhalapo kuyambira 2014: pa Android ndi yaulere, ilibe malonda, ndi yopepuka, ndipo siifuna netiweki. Umatsika m'mapanga sitepe ndi sitepe, ukafa umayambiranso pamwamba, mapangawo atasintha. Ndi yovuta, ndikuchenjezeretu. Mindustry, yomanga mafakitale ndi malamba onyamula zitsulo poteteza malo ako kwa adani, nayonso ndi yaulere pa Android. Vampire Survivors ya Luca Galante inafika pa mafoni mu Disembala 2022, yaulere, yoseweredwa ndi chala chimodzi, ndipo malonda ake umaonera ukafuna wekha.

Kwa a laputopu, Epic Games Store yakhala ikugawa magemu aulere kuyambira Disembala 2018, ndipo tsopano imasintha Lachinayi lililonse madzulo. Simufunika khadi la kubanki. Mungotsegula akaunti, kudina Get, gemuyo n'kukhala yanu mpaka kalekale, ngakhale musaikopere tsiku lomwelo. Kudinako kungachitike pa foni, ndi bandulo yochepa. Ambiri mwa ogawidwawo ndi a indie. Steam imachitanso Next Fest mu Febuluwale, Juni ndi Okutobala, sabata yodzaza ndi ma demo, tizigawo taulere toyesera magemu amene akubwera.

Phindu la gawo ili n'loti mudziwe mtundu umene umakukomerani ndalama isanachoke. Wina amakonda zomenyana, wina zomanga, wina zoganiza mofatsa ngati nsolo. Gemu yotamandidwa ndi dziko lonse ikhoza kukutopetsani inuyo pa mphindi khumi.

Fufuzani gemu imene mwaikonda

Vidiyo yotsatsa gemu musaikhulupirire, anasankhamo malo okoma okhaokha. Pitani pa YouTube, lembani dzina la gemu ndi mawu oti gameplay, tsitsani chithunzi pa 360p kuti bandulo isalire, mulumphire pakati pa vidiyoyo. Zimene munthuyo akuchita pamenepo ndi zimene inunso muzichita maola ambiri. Mukayasamula mukungoonerera, isiyeni.

Kenako werengani zimene ogula anena. Pa Steam, mawu oti Overwhelmingly Positive amapatsidwa gemu imene anthu osachepera 500 aiyikira ndemanga ndipo 95 mwa 100 alionse akuiyamikira. Mixed ndi ya pakati pa 40 ndi 69 mwa 100. Kwa ife amene ndalama yake ndi yowerenga, ndinganene kuti pa magemu oyamba musatsike pansi pa Very Positive. Ine ndimayamba ndi ndemanga zodandaula, chifukwa oyamikira amangoti gemu yabwino, pamene wodandaula amatchula chimene chamupweteka. Steam imaonetsa maola amene wolembayo wasewera. Wodandaula pa maola 80 wadya kale ndalama yake, koma anthu ambiri akamadandaula pa ola limodzi kuti ikuzima yokha pa Intel HD, akunena za laputopu yanu. Pa Google Play mungasefe ndemanga kuti muone za anthu a foni ngati yanu, komanso zaposachedwa.

Pa tsamba pakalembedwa Early Access, ndiye kuti gemuyo sinathe kupangidwa. Ena anamaliza bwino, ena anasiyira panjira ndalama za anthu zitalowa kale. Steam yomwe imachenjeza kuti ugule pokhapokha ukukhutira ndi mmene gemuyo ilili lero. Malangizo anga: dikirani ithe.

Ganiziraninso za Chingerezi. Undertale ya Toby Fox, ya mu 2015, kukoma kwake kuli m'zokambirana ndi nthabwala zolembedwa. Kwa mwana wa Grade 9 zingamuthandize kuzolowera kuwerenga, koma wosakonda kuwerenga pa sikirini aona ngati watayitsidwa. Terraria ndi Vampire Survivors zimamveka ngakhale mawu uwalumphe.

Dikirani mtengo utsike

Gemu mukaisankha, iikeni pa Wishlist ya Steam m'malo moigula. Mtengo ukatsika adzakutumizirani imelo. Kutsitsa kwakukulu kumachitika kumapeto kwa Juni ndi kumapeto kwa Disembala, ndipo magemu a indie amene atha zaka zingapo amatsika mpaka theka, ena kupitirira. Kwa a kuno Juni ndi wabwino, anthu atayamba kugulitsa nsawa, soya ndi chimanga. Disembala amalimbana ndi feteleza, Khirisimasi ndi zofunika za sukulu za mu Januwale.

Msampha wa nyengo imeneyi ndi kugula magemu asanu chifukwa atchipa, n'kusewera imodzi. Gulani imodzi, muimalize kapena muitope, ndiye mugule ina. Kutsitsa kudzabweranso.

Polipira

Masitolo awa amalandira khadi la Visa kapena Mastercard. Khadi la ATM lambiri limagwira, koma mabanki ena amafuna uyambe walitsegula kuti lizigula pa intaneti, kaya pa app yawo kaya ku nthambi. Ngati netiweki yanu imapereka khadi la pa foni lolumikizidwa ku mobile money, limagwiranso ntchito yomweyo, ndipo ubwino wake n'ngwakuti mumaikamo ndalama yokwanira chinthu chimene mukugulacho. Banki imasintha dola pa mtengo wake ndipo imatha kuonjezera kachaji, choncho siyanimo kangachepe kapamwamba, kuopa kukanidwa chifukwa cha makwacha ochepa.

Amene amagulitsa maakaunti a Steam odzaza ndi magemu m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook apeweni. Malamulo a Steam salola kugulitsa akaunti, ndipo mwini wake woyamba akhoza kuilanda tsiku lililonse chifukwa imelo yoyambirira ndi yake. Mukatero mulibe kodandaulira.

Maola awiri oyamba ndi oyesera

Ambiri sadziwa kuti ndalama imabwezedwa. Pa Steam, ngati papita masiku osapitirira 14 chigulireni ndipo mwasewera maola osakwana awiri, mungapemphe ndalama yanu kudzera pa Help, kenako Steam Support, pa chifukwa chilichonse, ngakhale choti sinakusangalatseni. Pa Google Play, m'maola awiri oyamba batani la Refund limaoneka pa tsamba la gemuyo, ndipo mpaka maola 48 mungapemphebe kudzera pa akaunti yanu. Gemu imodzi amabweza kamodzi kokha. GOG imapereka masiku 30.

Ndiye musagule gemu n'kuisiya mwezi. Gulani tsiku limene muli ndi mpata ndi batire yodzaza, muone nthawi imene mwayamba. M'ola loyamba onani ngati ikuyenda bwino, ngati foni sikutentha mopitirira, ngati zala zanu zikukwana pa mabatani a pa sikirini, ngati ikutseguka popanda netiweki. Magemu ena anapangidwira kiyibodi kapena padi, ndipo pa galasi la foni amavuta ngakhale akhale okoma chotani. Ola ndi theka likakwana dzifunseni ngati mawa mudzafuna kuitsegulanso. Mukakayika, bwezani.

Nanga ndi ati amene sangakugwetseni ulesi?

Stardew Valley ndi imene ndimayamba kutchula. Eric Barone anaipanga yekha, zithunzi, nyimbo ndi zonse, kwa zaka zoposa zinayi, n'kuitulutsa mu Febuluwale 2016, ndipo inafika pa Android mu 2019. Yagulidwa koposa mamiliyoni 30, koma mwini wakeyo wakhala akuonjezeramo zatsopano osalipiritsa. Umalandira munda wa agogo ako aamuna utadzala tchire, miyala ndi zitsa, uli ndi ndalama 500 za m'gemumo ndi mbewu 15 za parsnip. Umalima kadera kakang'ono, kubzala, kuthirira m'mawa uliwonse, pa masiku anayi wakolola. Mphamvu zikatha umafooka, ndipo ukachezera mpaka 2 koloko usiku umakomoka pomwepo. Nyengo iliyonse ndi masiku 28, ndipo wobzala mochedwa mbewu zake zimauma nyengo ikasintha. Akhwangwala nawo sagona ngati sunaike choopseza. Mudzaseka kuti munthu wa ku Katete kapena ku Lundazi achoke kumunda n'kudzalimanso pa foni, koma munda uwu sudikira makuponi a feteleza, ndipo tsiku la mvula umapuma kuthirira n'kupita kukawedza.

Papers, Please ya Lucas Pope, ya mu 2013, imamveka msanga kwa aliyense amene anaimapo pamzere pa Mwami podutsa kupita ku Mchinji. Umakhala wogwira ntchito pa chipata cha dziko lopeka la Arstotzka mu 1982. Munthu afika pawindo, apereka pasipoti, iwe uona chithunzi, tsiku lothera, dzina la mzinda, kenako udinda chidindo chololeza kapena chokaniza. Malamulo amasintha pafupifupi m'mawa uliwonse, malipiro amatengera anthu amene wawathandiza, ukalakwitsa kopitirira kawiri pa tsiku amakudula, ndipo madzulo uyenera kusankha pakati pa chakudya, moto wotenthetsa nyumba ndi mankhwala a mwana. Ndiye pabwere mayi wopanda chikalata chimodzi, mwamuna wake utamulowetsa kale. Palibe kampani yaikulu imene ikanaika ndalama pa gemu yodinda mapepala, ndipo zoterezi ndiye chifukwa chenicheni chosewerera za indie.

Terraria, ya mu 2011, ndi ya okumba, kumanga ndi kumenyana ndi zilombo, ndipo anthu a m'nyumba imodzi akhoza kusewera pamodzi pa Wi-Fi kapena hotspot imodzi. Hollow Knight, ya kagulu ka Team Cherry ku Adelaide m'dziko la Australia, ya mu 2017, ndi madola 14.99 okha koma ndi yaitali komanso yolimba, ndipo imakoma ndi padi. Osapirira kugonja asayambire pamenepa.

Za ku Africa ziliponso. Free Lives ya ku Cape Town inatulutsa Broforce mu 2015 ndi Terra Nil mu 2023, gemu yobwezeretsa mitsinje, udzu, mitengo ndi nyama pa nthaka yoguga, pomaliza n'kuchotsa makina ako onse. Aliyense woona mmene makala akumetera mapiri athu aimvetsa. Nyamakop ya ku Johannesburg inapanga Semblance mu 2018, ndipo Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion mu 2016.

Za ma APK otumizirana

Ndikudziwa, wina anena kuti zonsezi n'zachiyani pamene mnzake angamutumizire APK, fayilo yoikira gemu yomweyo pa Android, kudzera pa Xender, kapena kuikopera pa tsamba la ma mod, magemu osinthidwa ndi anthu ena. Taganizirani za foni imene mukuikamo fayiloyo. Ndi yomweyo ili ndi mobile money, app ya banki, WhatsApp ndi mameseji a manambala achinsinsi. Fayilo yosinthidwa ndi munthu wosadziwika ikhoza kubisa chilichonse, ndipo gemu ikamapempha kuwerenga mameseji anu kapena kulowa mu Accessibility, imeneyo si gemunso. Kupulumutsa K125 n'kuika pachiswe ndalama zonse za pa foni ndi masamu olakwika. Kuonjezera apo, zobedwazo sizilandira zokonza, ndipo zimene mwasewera zimatha kufufutika.

Palinso za wopangayo. Steam imatenga 30 mwa 100 pa gemu iliyonse yogulidwa, yotsalayo ndi imene munthu mmodzi kapena atatu aja amadyera. Ngati ndalama palibe, zaulere zenizeni zija n'zokwanira miyezi yambiri, ndipo pa itch.io pali magemu ambiri amene umalipira zimene ungathe, ngakhale osalipira kanthu.

Mukamagulira mwana

Kuchepa kwa gemu sikutanthauza kuti ndi ya ana. Broforce ili ndi magazi ndi mfuti, Papers, Please ili ndi nkhani za akuluakulu, ndipo itch.io si malo omusiyira mwana yekha. Onani zaka zolembedwa pa tsamba la gemu, ndipo muisewereko nokha pang'ono. Ngati khadi lanu lili pa foni imene mwana amabwereka, pitani mu Settings ya Google Play muyatse zoti kugula kulikonse kuzifuna pasiwedi kapena chala chanu. Gemu yogula kamodzi, yopanda malonda, imamuteteza mwana ku mavidiyo otsatsa amene simungawasankhe. Za nthawi gwirizanani musanaikopere. Stardew Valley ili ndi kamsampha koti tsiku limodzi la m'gemumo ndi mphindi pafupifupi 14, ndiye aliyense amati katsiku kamodzi kokha. Nyengo ya mayeso ikayandikira, ichotseni pa foni. Mukadzaifuna simudzalipiranso.

Sungani akaunti, chifukwa gemu imakhala mmenemo

Chimene mwagula chimamangiriridwa ku akaunti yanu ya Google kapena ya Steam, osati ku foni. Foni ikabedwa, ikagwera m'madzi kapena mukaigulitsa, mumangolowa ndi akaunti yomweyo pa foni yatsopano n'kukoperanso. Apa ndi pamene ambiri kuno amatayira. Pogula foni, mnyamata wa pa shopu ndi amene anawatsegulira Gmail mwachanguchangu, pasiwedi n'kuilemba pa kapepala kamene kanatayika sabata yomweyo. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, musagule gemu iliyonse musanakonze izi. Lowani mu Settings, Google, Manage your Google Account, Security: sinthani pasiwedi, ikani nambala yanu ya foni ngati yobwezeretsera, ndipo pasiwediyo muilembe m'buku losungidwa kunyumba. Pa Steam yatsani Steam Guard, chitetezo chopempha nambala yachinsinsi polowa mu akaunti.

Zimene mwasewera ndi nkhani ina. Magemu ambiri a pa Steam amazisunga pa Steam Cloud, ndipo tsamba la gemu limanena ngati imatero, koma mukasewera nthawi yaitali popanda intaneti lumikizani kamodzi kuti zikwere. Pa foni si magemu onse amene amasunga pa intaneti. Musanaifomate foni kapena kuipereka kwa wokonza, fufuzani pamene gemu yanu imasunga mafayilo ake, muwakopere pa memori khadi kapena pa laputopu.